Wogwetsa Netiweki Uja Ndine

Mukaima pamzere kumapeto kwa mwezi, miyendo itatopa, kenako wa pakauntala n'kudzutsa mutu n'kunena kuti, "Pepani makasitomala athu, netiweki yavuta," mumangopukusa mutu n'kuti ndi tsoka lopanda mwini. Dziwani kuti nthawi zina tsokalo limakhala ndi mwini wake, wamutu ndi miyendo, wovala tayi. Lachisanu lina, pakampani ina ya zandalama mu Blantyre muno, mwini wakeyo anali ine. Amene munabwerera chimanjamanja tsiku limenelo mundikhululukire. Pepani sapoletsa chilonda, choncho lekani ndikusimbireni zonse, mwina mtima ungakutsikeni mukamva kuti nanenso zinandiwawa.

Ntchitoyo ndinaipeza ndi lilime. Pa CV ndinalemba kuti ndimadziwa kugawa kompyuta imodzi kuti ikhale makompyuta ambiri. Silinali bodza lenileni, chifukwa palaputopu yanga ndinali nditaikapo VirtualBox n'kumayendetsa Ubuntu mkati mwa Windows, anzanga akukoleji n'kumanditcha katakwe. Pa intaviyu atandifunsa ngati ndinagwirapo makina a IBM Power, ndinagwedeza mutu mwa njira yoti wofunsayo asankhe yekha tanthauzo. Anasankha lakuti inde.

Makinawo ndi chibokosi chakuda cha mapurosesa a POWER8, chokhala m'chipinda chozizira chimene makiyi ake amasunga ndi mlonda. Woyang'anira wake anali bambo wina waimvi zam'mbali amene tonse tinkangowatchula kuti achikulire. Iwowa pa nthawi ya tiyi ankakonda kutilongosolera kumene makinawa anachokera. Ankati nzeru yogawa makina amodzi m'zigawo zodziimira pazokha, zimene timati ma LPAR, IBM inayamba nayo pa mainframe mu 1988, n'kuifikitsa pa AS/400 mu 1999, kenako pa makina ake a Unix mu 2001 ndi purosesa ya POWER4. Mu 2004, POWER5 itabwera, zigawo za pa makina a Unix zija zinayamba kulankhulana popanda chingwe ndiponso kubwerekana khadi imodzi ya netiweki kudzera mu VIOS. Dzina loti PowerVM linadza mu 2008. Achikulire akamafika apa maso awo ankawala. Ine ndinkakhala ndikuviika mandasi mu tiyi, diso lili pa zigoli za mpira pafoni.

Ndikanamvetsera, ndikanadziwa zimene ndikudziwa lero. Tayerekezani mdadada wa nyumba za lendi ku Ndirande: denga limodzi, mpanda umodzi, koma banja lililonse lili ndi chitseko chake, mphika wake ndi mavuto ake. Mabanjawo ndiwo ma LPAR. Lina limayendetsa AIX, lina Linux, lina IBM i, ndipo lina likapsereza ndiwo loyandikana nalo limadya bwinobwino. Mwini mdadada, amene amagawa zipinda, madzi ndi magetsi, ndiye hypervisor. Mabanja akafuna kuchezerana amadzera pakhonde lamkati, osatuluka kumsewu. Wofuna kupita kumsewu amadzera pageti, ndipo woyang'anira getiyo ndi LPAR yapadera yotchedwa VIOS. Ofesi ya mwini mdadada, kumene kuli kaundula wa zonse, ndi kompyuta ina yapadera yotchedwa HMC. Nkhani yanga yonse ndi ya munthu amene anapatsidwa makiyi a ofesi imeneyi asanadziwe kusiyana kwa khonde ndi geti.

Achikulire anatumizidwa kumaphunziro ku Johannesburg. Tsiku lonyamuka anandipatsa kope lawo lachikuto chakuda, n'kundigwira paphewa.

"Mphwanga, zonse zikuyenda. VIOS yoyamba ikugwira ntchito. Yachiwiriyo ndangoikapo, sindinamalize. Usaikhudze. Ndikabwera tidzamalizira limodzi."

"Musadandaule, achikulire," ndinatero. Kopelo ndinaliponya mu dirowa pamodzi ndi supuni ndi mapaketi a shuga.

Sipanapite nthawi, abwana anandiitana. "Achimwene, anthu a pulogalamu yatsopano aja akufuna LPAR yawo yoyeserera izilankhula ndi LPAR ya database. Mungathe, kapena tidikire achikulire?"

"Zazing'ono zimenezo, bwana."

Ndinachita zimene munthu aliyense wodziwa kulumikiza makompyuta awiri angachite: ndinakalemba fomu ku sitolo ya kampani kupempha chingwe cha netiweki. Mayi a kusitoloko anandisainitsa m'mabuku awo, n'kundipatsa chingwe chabuluu chatsopano, chokulungidwa bwino. Ndinakatenga makiyi kwa mlonda, ndinagwada kumbuyo kwa chibokosi chija, n'kuyamba kufunafuna pamene LPAR yoyeserera imalumikizira. Madala alonda anandiunikira ndi tochi mokhulupirika. Nditafufuza mpaka mawondo kuzizira, iwo anafunsa mwaulemu: "Bwana, mbali inayo ya chingwechi ikupita kuti?" Ndinayang'ana mbali imodzi, ndinayang'ana inayo, ndinayang'ana bokosi. Makompyuta onse awiri amene ndinkafuna kulumikiza anali m'bokosi limodzi lomwelo. Ndinawauza madalawo kuti ndimangoyendera, n'kupinda chingwe changa.

Usiku umenewo ndinafukula kope lija pansi pa shuga. M'menemo ndinaphunzira kuti hypervisor ili ndi swichi yakeyake yosaoneka, imene makina amabwera nayo ili ndi dzina loti ETHERNET0. Uthenga wochoka ku LPAR ina kupita ku inzake sudutsa pa waya ayi. Hypervisor imangoukopera kuchoka mu memory ya uyu kupita mu memory ya uyo. Koma ngakhale swichiyi siyioneka, imatsata malamulo omwewo a maswichi ogwirika ndi manja, a IEEE 802.1Q a mu 1998. Kaphukusi kalikonse ka uthenga kamadindidwa nambala ya gulu lake, imene timati VLAN. Chidindocho n'cha mabayiti 4, ndipo mwa iwo mabiti 12 ndiwo a nambalayo, n'chifukwa chake manambala ogwiritsa ntchito amayambira pa 1 n'kulekezera pa 4094. Adaputa iliyonse yosaoneka imapatsidwa nambala yake yaikulu, PVID, ndipo ikhoza kunyamula ma VLAN mpaka 20. Ntchito yonse imene ndinagwadira pansi ija inali yongopatsa ma LPAR awiri adaputa imodziimodzi ya nambala yofanana, pa swichi imodzi.

Kutacha ndinalowa mu HMC ndi mtima wa munthu wodziwa. Makinawa amalola kuwonjezera adaputa LPAR ili chiyendere, njira yotchedwa DLPAR. Ndinawonjezera uku, ndinawonjezera uko, ndinalemba cfgmgr kuti AIX ione zatsopanozo, ndinaika ma IP kudzera mu smitty, kenako ping. Zii. Ndinaimba mlandu firewall. Ndinaimba mlandu anthu a pulogalamu. Ndinafika mpaka poganiza kuti mwina chingwe chija chimafunika ndithu. Dzuwa litapendeka m'pamene ndinaona kuti mbali ina ndinalemba 30, mbali inayo 300. Chala changa chinali chitadinda ziro kawiri, ndipo hypervisor, yosadziwa kuganizira munthu, inaika awiriwo m'magulu osiyana. Nditakonza, mayankho a ping anayamba kutsika pa sikirini mwandondomeko. Ndinaimirira n'kudzimenya pachifuwa ndili ndekha muofesi.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachite, ndipo muchisunge. Zosintha za DLPAR zimakhala pa LPAR imene ikuyendayo basi. Mu HMC muli profile, chikalata chimene chimanena kuti LPAR ikamadzutsidwa ipatsidwe chiyani. Pa makina athu, ngati sunasunge zosinthazo mu profile, ukazimitsa LPAR n'kuidzutsanso ndi profile yakale, zonse zimene unawonjezera zimapita. Achikulire anazilemba m'zilembo zikuluzikulu patsamba lotsatira. Ine ndinalekezera patsamba limene ping inayankha.

Pamsonkhano abwana ananditchula dzina pamaso pa anthu. Anati kampani ili ndi achinyamata odalirika. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mbuzi ya tsiku limenelo inali itavala tayi yatsopano. Msonkhano usanathe, anthu a pulogalamu anapempha kuti azitha kufika pa LPAR yawo ali pamadesiki awo. Ndinavomera ndisanamve n'komwe mathero a chiganizocho.

Apa tsopano tafika pageti. Kuti uthenga utuluke m'bokosi, VIOS imamanga mlatho pakati pa khadi yeniyeni, ya chingwe, ndi adaputa yosaoneka yotchedwa trunk. Mlathowo ndiwo Shared Ethernet Adapter, mwachidule SEA. Makampani osafuna kugwa amaika ma VIOS awiri, iliyonse ndi SEA yake, trunk ya ina ili ndi priority 1, ya inayo 2. Koma milatho iwiriyo siyenera kutseguka nthawi imodzi. Umodzi umagwira ntchito, winawo umadikira, ndipo amadziwitsana kuti "ndidakali moyo" kudzera pa adaputa ina yapadera yotchedwa control channel, yokhala pa VLAN imene wina aliyense sagwiritsa ntchito. Woyambayo akasiya kuyankha, wachiwiri amatsegula.

Njira yanzeru inali yodikira achikulire, kapena kungopatsa LPAR yoyeserera ija adaputa pa VLAN imene VIOS yoyamba inkatulutsa kale. Koma ine ndinalingalira motere: ndi kumapeto kwa mwezi, VIOS yoyamba yatanganidwa ndi malipiro a anthu, yachiwiri yangokhala. Bwanji ndiimalize, achikulire adzapeze ntchito yatha, adzandigulire Fanta? Mawu awo oti "usaikhudze" ndinawamasulira kuti "usaikhudze ngati sukudziwa", ndipo ine, munthu woyamikiridwa pamsonkhano, ndinali wodziwa.

M'kope munali lamulo lake, lolembedwa mosamala: mkvdev -sea ent0 -vadapter ent2 -default ent2 -defaultid 1 -attr ha_mode=auto ctl_chan=ent3. Kumapetoko, kuyambira pa -attr, achikulire anadula mzere wofiira kunsi kwake. Ine ndinaganiza kuti mzere wofiira ukutanthauza zokometsera chabe. Komanso ndinakumbukira kuti ndinawerengapo pa intaneti kuti masiku ano control channel siyofunikanso. Zimenezo n'zoona theka: kuyambira VIOS 2.2.3, pa makina ndi HMC zoyenerera, ma SEA awiri amatha kudziwitsana okha kudzera pa VLAN 4095, nambala ya kunja kwa zija zogwiritsa ntchito anthu, popanda adaputa yapadera. Koma ngakhale pamenepo ha_mode imayenera kulembedwa, ndipo VIOS yathu yoyamba inamangidwa mwa njira yakale, ikudikira mnzake pa VLAN 99. Ine ndinatola theka limene linandikomera, n'kudula mchira wonse wa lamulolo.

Lachisanu masana, anthu ali pamzere m'nthambi zathu zonse, ndinalowa mu VIOS yachiwiri ndi SSH ndili padesiki panga, pa dzina la padmin. Ndinalemba lamulo langa lopanda mchira. Makina anakana: ent0 ikugwira ntchito, ili ndi IP. Munthu wanzeru akanaona apa kuti makina akumuchitira chifundo. Ine ndinaona mwano. Ndinalemba rmtcpip kuti ndichotse IP yotsekereza njirayo. Anandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinatsimikiza. Sikirini inauma. Ndinadinda Enter. Ndinadindanso mwamphamvu. Kenako zinandifika m'mutu pang'onopang'ono kuti IP imene ndachotsayo ndi yomwe ndinalowera.

Ili linali chenjezo lachiwiri, ndipo nalonso ndinalipondereza. Ndinathamangira kwa mlonda.

"Madala, makiyi."

Iwo anali pakati pa nsima ya usipa. Anasamba m'manja mosafulumira. "Bwana, mwabweranso ndi chingwe chija?"

M'chipinda chozizira, nditangovala shati, ndinakhala pa HMC penipeni, ndinatsegula vtmenu, imene imakulowetsa mu LPAR ngakhale ilibe netiweki, n'kulembanso lamulo lija. Ulendo uno makina anamvera: ent4 Available. Ndinamwetulira. Kumwetulirako kusanathe, ndinaona kuti timagetsi ta pa swichi yaikulu, timene nthawi zonse timaphethira kalikonse pa nthawi yake, tayamba kuphethira tonse pamodzi, mothamanga, mpaka kuoneka ngati tangoyaka osazima.

Chimene chinkachitika ndi ichi. Pa netiweki pamakhala mauthenga ofuulira onse, monga a ARP, pamene kompyuta imafunsa kuti IP yakutiyakuti ndi ya ndani. Uthenga wotere unkalowa m'bokosi kudzera pa mlatho wanga watsopano, umene sunkadziwa kuti uyenera kudikira. Hypervisor inkaupereka kwa onse a pa VLAN imeneyo, kuphatikizapo trunk ya VIOS yoyamba. VIOS yoyamba, pochita ntchito yake mokhulupirika, inkautulutsira kunja ku swichi. Swichi inkaufalitsa kwa onse, kuphatikizapo mlatho wanga, umene unkaulowetsanso. Kaphukusi ka IP kali ndi nambala ya TTL imene imatsika pa router iliyonse mpaka kaphukusiko katatayidwa, koma pa mlingo wa Ethernet palibe choterocho: chimene chayamba kuzungulira chimazungulirabe, ndipo china chilichonse chatsopano chimawonjezekera pomwepo. Radia Perlman anapeza mankhwala a vutoli mu 1985, otchedwa Spanning Tree, koma pa ma port awiri a ma VIOS athu anali atazimitsidwa dala, kuti mlatho wodikira uzitha kulowa m'malo mwamsanga. Achikulire ankadalira control channel. Sanaganizireko za ine.

Mafoni anayamba kulira kunja. Chitseko chinatseguka mwamphamvu, n'kulowa mnzanga woyang'anira maswichi, thukuta lili kamukamu ngakhale munali mozizira.

"Aise, wakhudza chilichonse?"

Apa ndi pamene pali mlandu wanga weniweni. Zonse za m'mbuyomu zinali uchitsiru. Izi zinali zina. Ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Ine? Ine ndikungoona za LPAR yanga."

Anandikhulupirira. Anazimitsa swichi yaikulu n'kuiyatsanso. Kwa kanthawi kochepa zinthu zinadekha, kenako timagetsi tija tinayambiranso. Anaimbira kampani yotipatsa intaneti n'kukalipira munthu wosalakwa. Anayamba kuzula zingwe za madipatimenti chimodzichimodzi, poganiza kuti wina walumikiza molakwika kachipangizo kake pansi pa desiki. Abwana anaima pakhomo manja ali m'chiuno, foni ili kukhutu, akuuza akuluakulu awo kuti achinyamata ake odalirika ali pa ntchito.

Ine ndinali pakona, nditatembenuza sikirini kuti isaoneke, ndikuyesa kufafaniza mapazi anga. Ndinati ndichotse adaputa ya trunk ija ndi DLPAR. HMC inakana: palibe RMC. DLPAR imadalira kulankhulana kwa HMC ndi LPAR kudzera pa netiweki, pa port 657, ndipo IP ya VIOS imeneyo ndinali nditaichotsa ndi manja anga. Lamulo lochotsera mlathowo ndili mu vtmenu momwemo linalipo, koma m'mutu mwanga munali mutayera. Kenako ndinadzinamiza kuti mwina si mlatho, mwina ndi LPAR yoyeserera ija. Ndinaizimitsa n'kuidzutsanso. Netiweki sinasinthe. Chimene chinasintha n'chakuti adaputa yanga ya VLAN 30, ntchito yokhayo yabwino imene ndinagwirapo pa makinawo, imene ananditamandira pamsonkhano, inasowa ngati sinakhaleko.

Ndinatuluka ngati ndikupita kuchimbudzi, n'kukabisala kuseri kwa jenereta. Ndinaimba ku Johannesburg.

"Achikulire, muli bwanji kumeneko? Kukuzizira?"

"Mphwanga, chiyambire sunandiimbirepo kufunsa za moyo wanga. Wakhudza chiyani?"

Ndinafotokoza mozungulira. Iwo anandidula.

"Mchira uja walemba?"

"Mchira uti, achikulire?"

Panakhala chete, ndipo ndinamva mpando ukukokedwa, chitseko chikutsekedwa. Atayambanso kulankhula, mawu awo anali otsika kwambiri.

"Pita kumbuyo kwa makina. Pali zingwe ziwiri zopita ku swichi yaikulu, ndinamatapo mapepala. Zula cha VIOS yachiwiri. Uwerenge pepalalo kawiri. Ukazula cha yoyamba, usadzandiimbirenso."

Ndinabwerera, ndinagwada pamalo anga akale aja, ndinawerenga kawiri, n'kuzula. Timagetsi tinabwerera m'chimake nthawi yomweyo. Mwatsoka, mphindi yomweyo mnzanga uja anali atangosintha chingwe china pa swichi. Anakweza manja m'mwamba n'kufuula kuti wapeza vuto. Abwana anamuyang'ana, osati mothokoza ayi. "Ndiye kuti chingwe chanu chowola ndi chimene chatigwetsa tsiku la malipiro? Lolemba ndipeze lipoti padesiki panga." Mnzangayo anatsitsa manja pang'onopang'ono. Ine ndinali chigwadire kumbuyo kwa bokosi, chingwe chenicheni chili m'manja, pakamwa pali potseka.

Loweruka nsima sinatsike. Lamulungu kutchalitchi ndinkaona ngati mlaliki akuloza ine, ngakhale ankalalikira za chopereka. Mayi akunyumba anandifunsa ngati ndatenga ngongole ya katapila. Ndinati ayi, ndi malungo. Anandigwira pachipumi n'kunena kuti malungo ake ndi achilendo, osatentha thupi.

Achikulire atabwera sanandikalipire. Anakhala pa HMC, anatsegula VIOS yachiwiri, n'kulemba lsgcl. Ine sindinkadziwa kuti VIOS imasunga ndandanda wa malamulo amene padmin walemba, ndi tsiku ndi nthawi yake. Zonse zinali pamenepo: mkvdev yokanidwa, rmtcpip, mkvdev yopanda mchira. Nayo HMC inali ndi kaundula wake wa amene anazimitsa LPAR ndi nthawi imene anaidzutsa. Anasindikiza pepala, analipinda pakati, n'kuliika patebulo pakati pa ife awiri.

"Mnzako walemba lipoti lovomera mlandu wa chingwe chimene chilibe vuto. Upita wekha kwa abwana, kapena tipite atatu, ine, iwe ndi pepalali?"

Ndinapita ndekha. Abwana anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Achimwene, pamene ndinaima pakhomo paja, munkadziwa?" Ndinati ndinkaganizira. Anati, "Munkadziwa." Ndinalandira kalata yochenjeza, ndipo lipoti la mnzanga linang'ambidwa. Kwa iyeyo ndinapepesa pamaso pa dipatimenti yonse. Ndinamugulira tchipisi cha pachiwaya ndi nyama yake. Anadya chonse, anapukuta m'manja, n'kupitiriza kusandilankhula.

Chilango china chinachokera kwa achikulire. Anandipatsa pepala lalikulu ndi pensulo kuti ndijambule zonse zosaoneka za m'bokosi lija: LPAR iliyonse, adaputa iliyonse ndi nambala ya slot yake, PVID yake, ma VLAN ake owonjezera, trunk iti ili ndi priority yanji, chingwe chiti chikupita pa port iti. Ndinkatenga zimene HMC ikunena n'kuziyerekeza ndi zimene lsmap -all -net ikuonetsa mu VIOS. Nditamaliza, njira yozungulira imene ndinatsegula ija inkaoneka ndi maso, moti ngakhale madala alonda akanailoza ndi chala.

VIOS yachiwiri tinaimaliza usiku wa Loweruka lina, abwana atasainira chilolezo, nthambi zonse zitatseka. Tinachotsa mlatho wanga ndi rmdev, tinaumanganso ndi lamulo lathunthu, mchira ndi zonse, kenako m'pamene tinabwezera chingwe. IP tinaiika pa SEA penipeni, osati pa khadi ya pansi pake. Achikulire anandilembetsa entstat -all pa ma VIOS onse awiri kuti ndione ndi maso anga: uku PRIMARY, uko BACKUP. Kenako tinayesa dala, kusintha ha_mode ya woyamba kukhala standby. Wachiwiri anatenga ntchito, ping ikuyendabe, ndipo titabwezera auto zinabwerera mwakale. Pomaliza anaima kumbuyo kwanga mpaka nditasunga zonse mu profile.

Panatsala VLAN 30 ya anthu a pulogalamu. Apa ndinaphunzira kanthu kena kamene kakanandigwetsanso. Uthenga ukamatuluka pa trunk, ngati nambala yake ikufanana ndi PVID ya trunk imeneyo, hypervisor imachotsa chidindo, uthengawo n'kutuluka wopanda nambala. Choncho VLAN imene ukufuna ifike kunja ndi chidindo chake uyenera kuiika pa ma VLAN owonjezera a trunk, pa ma VIOS onse awiri mofanana, ndipo nayo swichi yakunja iyenera kuuzidwa kuti iziilola pa ma port amenewo. Swichi yakunjayo mwini wake anali mnzanga uja. Ndinapita padesiki pake ndi chojambula changa, n'kupempha mwaulemu wonse umene ndinali nawo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuloza pamene ndinalakwitsa nambala ya port. "Konza apa, aise, usatigwetsenso." Amenewo ndiwo anali mawu ake oyamba kwa ine chichitikireni zija.

Pantchitopo ndidakalipo, ndipo dzina loti Mchira linandikanirira. Ngakhale mayi a kusitolo amandiitana choncho, n'kundikumbutsa kuti chingwe chabuluu chija sindinabweze. Ndikaganiza mofatsa, lamulo lolakwika lija linagwetsa netiweki m'kanthawi kochepa, ndipo kuikonza kunali kungozula chingwe chimodzi. Chimene chinasunga anthu pamzere masana onse ndi yankho limene ndinapatsa mnzanga atandifunsa ngati ndakhudza kanthu.

Inu achinyamata amene mwangopatsidwa kumene password ya HMC, jambulani papepala musanalembe lamulo, lembani lamulo lonse mpaka kumapeto, sungani profile, ndipo Lachisanu la malipiro manja anu akhale m'thumba. Koma zikakuphulikirani, poti tsiku lina zidzaphulika ndithu, wina akakufunsani kuti mwakhudza chiyani, nenani pomwepo.